Zomwe ndaphunzira pofuna kusankha makina amagetsi ofululira mowa kunyumba

Aliyense amene wayamba kufufuza za makina amenewa amakumana ndi mayina omwewo: Grainfather wa ku New Zealand, Brewzilla wa kampani ya KegLand ku Australia, Braumeister wa Speidel ku Germany, ndi Anvil Foundry wa ku America. Kuloweza mayina sikunandithandize kusankha. Kuti ndiwasiyanitse, ndinayenera kumvetsa kaye chimene chimachitika m'kati mwa mphikawo, ndipo ndi pamenepo pamene ndaphunzira zambiri.

Kapangidwe kake n'kofanana. Ndi mphika wautali wachitsulo chosachita dzimbiri, pansi pake pali chotenthetsera chamagetsi, m'kati muli dengu lachitsulo lobowolabowola loikamo chimera cha balere chophwanya, ndipo ambiri ali ndi pampu yozungulitsa madzi kudutsa m'chimeracho. Ntchito imene ofulula ena amagwira ndi miphika itatu, wotenthetsera madzi, woviikira chimera ndi wowiritsira, pano imathera mumphika umodzi.

Chimene chandikoka mtima kwambiri ndi ola lija loviika chimera. M'chimera muli ma enzyme awiri, tinthu tachilengedwe timene timasandutsa sitachi kukhala shuga. Beta-amylase amagwira bwino pa madigiri 60 mpaka 65, ndipo amatulutsa shuga amene yisiti imadya pafupifupi yense, motero mowa umatuluka wopepuka m'kamwa, wosatsekemera. Alpha-amylase amakonda kutentha kwa madigiri 68 mpaka 72, ndipo amasiya shuga wina amene yisiti singamudye, mowa n'kukhala wokhuthala, wodzaza m'kamwa. Chimera chomwecho, madzi omwewo, koma madigiri anayi okha asintha chimene udzamwe. N'chifukwa chake ambiri amaviika pa 65 kapena 67 kwa mphindi 60. Nditamvetsa zimenezi ndinadziwa kuti ndalama za makinawa zimapita pa chinthu chimodzi chachikulu, kusunga kutentha pamalo amodzi popanda munthu kuimirira ndi mthiko.

Koma nambala yowala pa sikirini isakunamize. Pa makina ambiri choyezera kutentha chili pansi, pafupi ndi chotenthetsera, pamene chimera cha pamwamba pa dengu chingakhale chozizirirapo. Pampu ndiyo imafananitsa kutenthako. Nayonso ili ndi malire ake: chimera chikaperedwa kwambiri mpaka kukhala ufa, chimagwirana, madzi amadikha pamwamba osatsika, pansi pamaphwa, ndipo shuga amapserera pa chotenthetsera. Mankhwala ake n'kusachipera kwambiri, kuchepetsa liwiro la pampu, kapena kusakanizamo mankhusu a mpunga kuti madzi apeze njira. Pa chifukwa chimenechi, kavalavu kochepetsera madzi a pampu ndimakawerengera kuposa pulogalamu ya pa foni yoyendetsera makinawa.

Kenako mphamvu ya magetsi. Apa ndinatenga pepala ndi cholembera. Kuti lita imodzi ya madzi ikwere digiri imodzi pamafunika ma kilojoule (muyeso wa mphamvu) pafupifupi 4.2. Malita 30 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 66 amafuna ma kilojoule pafupifupi 5,800. Chotenthetsera cha mawati 2,000 chimatenga mphindi ngati 48, cha mawati 1,500 chimadutsa ola, ndipo apo sitinawerengere kutentha kothawira m'mbali mwa mphika. Ukamaliza kuviika pali ulendo wina wokafika powira. Ndiye chifukwa chake makina amodzimodzi amasiyana kutengera dziko: kumene masoketi ndi a 120V, monga ku America, soketi wamba sipereka mawati opitirira 1,800, pamene ya 230V imapereka ochuluka ndithu. Funso la soketi ndi waya wa m'nyumba liyenera kuyankhidwa musanafunse za dzina la makina, ndipo pomwe madzi ndi magetsi zayandikana chotero pafunika chotetezera chodula magetsi akangoyamba kudumphira pathupi la mphika.

Chinthu china chimene zithunzi za otsatsa sizionetsa ndi kulemera kwa dengu. Kilogalamu iliyonse ya chimera imamwa madzi pafupifupi lita imodzi. Makilogalamu 6 ouma amasanduka 12, kuwonjezapo chitsulo cha dengu ndi madzi amene akukhabe, zonse zili zotentha kwambiri, nthunzi ikukuwomba kumaso, ndipo uyenera kulitukula molunjika n'kulizungulitsa pang'ono kuti likhale pa timiyendo take. Pa mphika wa malita 30 kapena 35, wotulutsa mowa wa malita 19 mpaka 23, munthu mmodzi angathe. Pa wa malita 65 pafunika chingwe chokokera kudenga kapena mnzako. Ine kukula koteroko sikundikopa.

Kuwiritsa ndi hops, maluwa owawitsa ndi kununkhiritsa mowa, kumafuna mphika wosavundikira kuti fungo losafunika lituluke ndi nthunzi, choncho malo ofululira akhale opita mphepo. Choziziritsira madzi a chimera akawira pali mitundu iwiri: cha paipi yopiringiza choviika mumphika, chosavuta kutsuka, ndi chodutsitsa madzi a chimera m'paipi yozunguliridwa ndi madzi ozizira, monga cha Grainfather, chofulumira koma chofuna kutsuka mosamala m'kati.

Mfundo imene yasintha maganizo anga pa ndalama ndi yakuti makinawa satulutsa mowa. Amatulutsa madzi a chimera otsekemera, owawa pang'ono ndi hops. Mowa umapangidwa ndi yisiti m'chidebe china, kwa sabata imodzi kapena awiri, ndipo yisiti ya mowa wa mtundu wa ale imafuna kukhazikika pa madigiri 18 mpaka 20. Kukatentha kwambiri imatulutsa fungo lakuthwa limene mphika wodula chotani sungalichotse. Choncho ndatsimikiza zotenga mphika wapakati, wa 230V, wokhala ndi pampu ndi valavu yake, umene zipangizo zake zosinthira zimapezeka, ndipo ndalama yotsala ipite ku furiji ndi kachipangizo koiyatsa ndi kuizimitsa potsatira kutentha kwa chidebe. Pakali pano ndikuwerenga za kuchuluka kwa yisiti yoyenera kuthira pa malita 20.