Makilogalamu 115 amene anandilanda Hilux

Loweruka lapitali karavani yanga ija, kanyumba kogonamo kokokedwa ndi galimoto, yatuluka pageti koyamba chiigulireni. Yakhala miyezi isanu itafundidwa lona pambali pa nyumba kuno ku Pretoria, matayala akuphwa pang'onopang'ono, ana ataisandutsa nyumba ya masanje, chifukwa panalibe galimoto yoikoka. Pano ilipo: Ford Ranger 3.2 ya 2018, double cab, 4x4, ya otomatiki. Koma kuti ndifike pamenepa ndataya masabata atatu pa nambala imodzi yokha, ndipo ndati ndilembe nkhaniyi isanazizire, pakuti ndikudziwa kuti ena mwa inu mukusakanso pikapu yokokera.

Amene mwakhala mukutsatira mukukumbukira kuti kapikapu kanga kakale, ka dizilo 2.5 kopanda turbo, ndinakataya mtima pa Van Reenen's Pass. Tinkachokera ku Durban pa N3, kumbuyo kuli kathelela ka tenti kosafika ndi makilogalamu 700 omwe. Titadutsa Ladysmith n'kuyamba chikweza chija, ndinatsika magiya mpaka wachiwiri, kamuvi ka kutentha kwa injini kakukwawira kofiira, fungo la kilatchi litadzaza m'kati. Mayi a kunyumba anangoti chete atagwira chitseko. Tinaima m'mbali mwa msewu pafupifupi ola lathunthu, mathiraki akutiwomba mphepo. Injini yopanda turbo imafooka ikakwera kumtunda kuno, Johannesburg payokha ili mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja, ndiye kuikokeretsa karavani ya ma axle awiri kukanakhala kuipha dala. Ndinakagulitsa mu Epulo.

Mtima wanga unali pa Hilux kuyambira pachiyambi, ndipo sindibisa chifukwa chake. Cholinga cha zonsezi n'chakuti tsiku lina karavaniyi ikagone m'mbali mwa nyanja kwathu, ndipo kwathu Toyota ndi galimoto imene makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa ngati chikhatho chake. Ikakuvuta ku Balaka kapena ku Mangochi, sipeya upeza tsiku lomwelo. Ndiye nditaona Hilux ya mtundu wa Xtra Cab, ya injini ya 2.8 GD-6, ya 4x2, yoyenda makilomita ochepa, mtengo wake wokwana m'thumba mwanga, ndinangoti basi yapezeka. Wogulitsa uja anatsegula kabuku, chala pa mzere: imakoka mpaka makilogalamu 2,750 ngati thelela ili ndi mabuleki. Karavani yanga GVM yake, kutanthauza kulemera kumene siyenera kupitirira itadzaza katundu, pa kachitsulo ka pa drawbar (chitsulo chokokera cha kutsogolo kwake) ndi makilogalamu 2,050. Ndinachotsera m'mutu, n'kupeza 700 yotsala. Ndinalipira ya chikole tsiku lomwelo.

Lolemba lake ndinapita ku Pretoria West kukafunsa mtengo wa towbar, chitsulo chimene amamanga kumbuyo kwa galimoto chokokera thelela. Kumeneko kuli bambo wina wachikulire wa kwathu ku Mulanje amene wakhala akumanga zimenezi zaka zambiri, ndipo ndi yekhayo amene ndimamulola kugwira chesisi ya galimoto yanga. Satsata zowotcherera pa bampa ayi, amamanga ndi mabawuti m'mabowo amene a fakitale anasiya, akamaliza amakupatsa sipanala kuti uyese wekha. Ndinawaonetsa chithunzi cha galimotoyo pa foni. Iwo sanayang'ane n'komwe za penti kapena marimu. Anati, “Achimwene, tandikuzirani pa disiki apo.” Ndinakuza. Pa disiki ya laisensi ya pagalasi panalembedwa tare, kutanthauza kulemera kwa galimoto yopanda katundu: 1,935.

“Nanga karavani yanu ija mabuleki ake ndi otani?”

“Ndi a overrun, madala, monga karavani iliyonse.”

Anapukuta m'manja ndi kansanza, n'kunena kuti towbar akhoza kumanga, koma pamsewu ndikhala ndikulakwira lamulo kuyambira pageti.

Usiku umenewo ndinafufuza ndekha mpaka ndinalipeza. Ndi Regulation 151 ya pansi pa National Road Traffic Act ya 1996. Thelela yopitirira makilogalamu 750 imene imadalira mabuleki a overrun, aja amagwira karavani ikakankha galimoto kumbuyo, GVM yake isapose tare ya galimoto yoikoka. Ikaposa, pafunika service brake, mabuleki oti dalaivala akaponda m'kati nawonso a karavani agwire. Nambala ya m'kabuku ija ndi yoona, wopanga galimoto akunena zimene injini, giyabokosi ndi chesisi zingapirire. Koma wapolisi wa pamsewu ndi wa inshuwalansi sawerenga kabuku. Amayang'ana disiki ya pagalasi ndi kachitsulo ka pa karavani. 2,050 kuchotsa 1,935 ndi 115. Kulemera kwa matumba awiri a chimanga ndi kathumba kena kapadera.

Apa mpamene masiku anandithera. Ndinayesa njira iliyonse yoti Hilux ija isandipulumuke. Poyamba ndinati ndizingolongedza zochepa m'karavani, kuti ikamayenda isamafike 1,900. Sizithandiza, chifukwa lamulo likunena za GVM yolembedwa, ngakhale m'katimo mutakhala mopanda ndi supuni yomwe. Kenako ndinaganiza zosintha mabuleki a karavani kukhala service brake. Ndinaimba malo atatu. Awiri anandipatsa mitengo imene ikanadya ndalama yonse imene ndinkati ndapulumutsa pogula 4x2, ndipo wachitatu anati aike kaye m'ndandanda, mwina pakatha miyezi iwiri. Mnzanga wina wa ku tchalitchi anati ndiike canopy ndi bull bar (denga la kumbuyo kwa pikapu ndi zitsulo zotchinga kutsogolo), ndikayezetse galimotoyo mwatsopano kuti tare ikwere pa mapepala. Ndinalingalira zimenezi masiku awiri athunthu. Koma sindinafune kugula galimoto lero mawa n'kuyamba kuyenda m'maofesi ndi mapepala, ndikupemphera kuti sikelo indikomere mtima. Komanso lamuloli lili ndi nzeru yake: mukamatsika phiri karavani yolemera kuposa galimoto ndiyo imalamula, ndipo kumbuyo kwa pikapu yopanda katundu n'kopepuka zedi.

Ndinabwerera kwa wogulitsa kukapempha chikole changa. Anaumirira kuti anthu ambiri amakoka choncho ndipo palibe amene amawaimitsa. Mwina n'zoona. Koma tsiku la ngozi, wa inshuwalansi akadzaika manambala awiri aja pambali pa inzake, amene adzalipire galimoto ya eni ake ndi ine, ndipo m'galimotomo mumakhala muli ana anga. Chikolecho anabweza atadulako pang'ono. Zinandiwawa, komabe ndinachoka mtima uli m'malo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasintha kasakidwe. Ndikafika pa yadi ya magalimoto sindinkafunsanso za mphamvu ya injini, ndinkangopita pagalasi la kutsogolo kumanzere n'kuwerenga tare. Ogulitsa ena ankadabwa kuona munthu akuwerama pa disiki asanatsegule ndi bonet yomwe. Ndinaphunzirapo kuti ma single cab ndi ma extra cab ambiri amagwa pa mayeso amenewa, pomwe double cab ya 4x4, chifukwa cha transfer case ndi difu ya kutsogolo, imadutsa 2,000 mosavuta. Isuzu D-Max ya 3.0 ndinaikonda kayendedwe kake, injini yake ya 140 kW ndi 450 Nm imakoka mofatsa, koma imene ndinaipeza tare yake inali pafupi kwambiri ndi 2,050 moti ndinaopa. Hilux ya double cab 4x4 inkakwanira bwinobwino, vuto ndi mtengo: Hilux yogwiritsidwapo kale ntchito kuno siitsika. Ranger yatsopano ya V6, ya 184 kW ndi 600 Nm, ndinangoiyenda mozungulira n'kuisiya, imeneyo ndi ya chaka china.

Ya 3.2 imene ndatengayi pa disiki palembedwa 2,140. Ndiye kuti ndapambana ndi makilogalamu 90. Masilinda asanu, 147 kW, 470 Nm, magiya sikisi a otomatiki, yomangidwa ku Silverton komwe kuno, mtunda wa mphindi zochepa kuchokera pakhomo panga. Buku la sevisi lili ndi zidindo zonse. Otomatiki ndinaisankha dala, fungo la kilatchi la pa Van Reenen's lija silinandichoke m'mphuno. Madala a ku Mulanje aja anamanga towbar Lachinayi, mpira wa mamilimita 50 ndi soketi ziwiri, n'kundiuza kuti mafuta a giyabokosi ndisinthe ndisanapite ulendo wautali, ngakhale buku litanena kuti nthawi yake sinakwane.

Za laisensi ndisabwereze zambiri, ndinalemba kale chaka chatha. Kungokumbutsa amene mwangoyamba kumene: laisensi ya Code B imakulolani kukoka thelela yosapitirira makilogalamu 750 basi. Karavani ngati iyi imafuna laisensi ya EB, ndipo mayeso ake amafuna kubweza thelela chammbuyo pa yadi. Akuluakulu amene anatenga Code 08 kalekale anapatsidwa EB pamene malaisensi ankasinthidwa kukhala makhadi, n'chifukwa chake ena a iwo amakuuzani kuti palibe chovuta.

Lachisanu madzulo ndinayeza kulemera kwa pa mphuno ya karavani. Ndinatenga sikelo ya kubafa ya mayi a kunyumba, pamwamba pake kathabwa, kenako kamtengo kodulidwa molingana ndi kutalika kwa mpira wa towbar, n'kuzunguza jockey wheel (katayala kochirikiza mphuno ya karavani) pang'onopang'ono mpaka coupling, pokolowekera mpira paja, itakhala pa kamtengoko. Inawerenga 118. Zinali zochuluka. Bokosi la kutsogolo ndinali nditadzazamo mabotolo awiri a gasi, zikhomo za tenti, hamala, jeke ndi chigubu cha madzi. Ndinasamutsa mapolo a tenti ndi chigubucho n'kuziika pansi m'kati, pamwamba penipeni pa ma axle, n'kuzimanga ndi malamba. Ndinayezanso: 92. Mwana wanga wamkulu ndiye ankawerenga manambala atagwada pa simenti ndi tochi, ine ndili pa chogwirira cha jockey wheel. Musaiwale kuti 92 imeneyo imakhala pa msana wa pikapu, imawerengedwa pamodzi ndi anthu, firiji ndi nkhuni zimene mwaika kumbuyo.

Loweruka m'mawa tinalowa N1 kulunjika ku Bela-Bela, makilomita pafupifupi 100. Magalasi owonjezera a m'mbali ndinagula ku Outdoor Warehouse, aja omangira ndi malamba, ndipo lakumanzere linkanjenjemera mpaka ndinaima pa garaja ina n'kulimanganso. Liwiro ndinaliika pa 90, ngakhale lamulo limalola 100 kwa pikapu ndi thelela zolemera ngati zangazi. Injini inkangong'ung'udza chapansipansi, kamuvi ka kutentha osasuntha. Pa zikweza ndinkaigwira giya yachinayi ndi dzanja kuti isamasakesake magiya. Nditayang'ana pagalasi n'kuona chinyumba choyera chija chikunditsatira mowongoka, kukhosi kunandigwira. Miyezi isanu ndinkachiona pa windo la kukhitchini chitangokhala.

Chimodzi chokha sichinandisangalatse. Chithiraki china chitatipitirira chapafupi ndi Hammanskraal, karavani inagwedeza mchira kawiri isanakhazikike. Sizinali zoopsa, ndinangochotsa phazi pa mafuta osaponda buleki, koma ndinazimva m'chiuno. Ndikukayikira mpweya wa matayala a kumbuyo a Ranger, ndinawasiya pa muyezo wa galimoto yopanda katundu. Mwinanso pochotsa katundu kutsogolo ndinapepukitsa mphuno mopitirira. Stabiliser, chipangizo chochepetsa kugwedezeka kwa karavani, sindinaikebe. Mafuta inamwa pafupifupi malita 15 pa makilomita 100 alionse, ndipo ndinkayembekezera zomwezo.

Sabata ino ndipita nazo zonse ziwiri pa sikelo ya pa malo ogula zitsulo zakutha, zitalongedzedwa ngati tikunyamuka, kuti ndidziwe kulemera kwa axle iliyonse. Kenako stabiliser, mafuta a giyabokosi, mwinanso tayala lachiwiri lapadera la karavani. Disembala ndikufuna tiwoloke Beitbridge, tidzere Masvingo ndi Harare, tituluke pa Nyamapanda, tiwoloke Zambezi pa Tete, tilowe kwathu pa Mwanza. Mayi a kunyumba akuti tikafike ku Cape Maclear. Ine ndikulakalaka kutsika nayo pa Khwekhwerere kupita ku Golomoti, koma makhotakhota a pamenepo ndi karavani yotalika chonchi ndiyenera ndikawaone kaye ndi pikapu yokha. Mapepala a karavani odutsira m'malire atatu sindinawayambe n'komwe.