Khalidwe la mwini geni pa nthawi ya Covid-19

M'kalasi la zamalonda tafika pa mutu wa mmene chibadwa cha munthu chimakhudzira luso lake loyendetsa geni mliri ukabuka. Akatswiri a zamaganizo amagawa khalidwe m'mbali zisanu: kukonda kuyesa zatsopano, kuchita zinthu mwadongosolo, kumasuka ndi anthu, kumvana ndi ena, ndi kutekeseka msanga ndi nkhawa. Powerenga, maganizo anga akhala akubwerera ku 2020.

South Africa itatseka malire ake kumapeto kwa Malichi chaka chimenecho, mabasi a ku Joni anaima, ndipo amayi okaoda katundu ku Johannesburg anasowa pogwira. Matelala ena sanadikire zovala za ukwati zomwe zinasiya kubwera, anayamba kusoka mamasiki a chitenje. Amenewa ndi aja okonda kuyesa zatsopano, ndipo ndi omwe timawayamikira kwambiri. Koma ine ndikuona kuti amene anapirira nthawi yaitali anali anthu adongosolo: wolemba ngongole zonse m'kope, wosasakaniza mpamba ndi ndalama ya ndiwo, wosunga manambala a makasitomala ake. Msika utachepa anthu, manambala amenewo ndiwo anamuthandiza kugulitsa pa WhatsApp n'kulandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Munthu wochezeka, amene amakopa ogula ndi pakamwa, zinamuvuta pamene misonkhano inaletsedwa, pokhapokha ngati anasamutsira macheza akewo pa foni.

Chandisangalatsa kwambiri ndi kafukufuku wa ku Lomé, m'dziko la Togo, amene anatuluka mu 2017 m'magazini ya Science, mliri usanabwere. Eni mabizinesi ang'onoang'ono pafupifupi 1,500 anagawidwa m'magulu. Ena anaphunzitsidwa zowerengera ndalama ndi kutsatsa malonda, ena anaphunzitsidwa kuyamba okha zinthu, kuoneratu mavuto ndi kusagonja msanga, potsatira ntchito ya katswiri wa zamaganizo Michael Frese. Phindu la gulu lachiwirili linakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, pamene la gulu loyamba linakwera pang'ono chabe. Ndiye kuti zina zomwe timati munthu anabadwa nazo zimatheka kuphunzitsidwa, ndipo maphunziro athu a zamalonda akanazipatsa malo.

Pali pamene mutuwu ukundivuta. Boma la Malawi litalengeza kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo 2020, mavenda anachita zionetsero, ndipo pa 17 Epulo Khoti Lalikulu linaimitsa lamulolo. Mayi wogulitsa tomato amene banja lake limadya zimene wapeza tsiku lomwelo angakhale wolimba mtima komanso wadongosolo, koma ngati mpamba wake wathera pa ufa ndi lendi, geni yagwa basi. Kumuyeza ndi mafunso a khalidwe okha n'kumulakwira. Pa ntchito yomwe tapatsidwa yofunsa eni mageni, ndiyamba ndi kufunsa mpamba umene anali nawo mliri usanafike ndi anthu angati amene ankadya pa geniyo. Mafunso a khalidwe abwera pambuyo.