Mmene Ndimakonzera Magetsi Ndisanapite Kukagona Kutchire

Ndisanagule kanthu kalikonse ndimatenga pepala ndi cholembera n'kulemba chilichonse chimene chidzafuna magetsi pa tsiku limodzi. Anthu ambiri amayambira ku panelo ya sola chifukwa ndi imene imaoneka, koma kukula kwa panelo ndi batire kumachokera pa chiwerengero chimodzi, ma Wh (watt-hour, muyeso wa magetsi ogwiritsidwa ntchito) amene mumadya pa maola 24. Kuwerengera kwake n'kosavuta: mawati a chipangizo kuchulukitsa ndi maola amene chimayaka. Babu la LED la 5 W likayaka maola 5 ladya 25 Wh. Kudzaza foni imodzi kumatenga 10 mpaka 15 Wh, laputopu 50 mpaka 70 Wh.

Chimene chimalamula zonse ndi filiji. Filiji ya kompuresa ya 12 V, ya malita 40, imakoka pafupifupi 45 W ikamalira, koma siilira tsiku lonse. Kunja kukakhala kozizirirako imalira mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a tsiku, kukatentha kwambiri imafika theka. Ine ndimaiwerengera 400 Wh. Mabokosi ozizira otchipa aja opanda kompuresa, okhala ndi kafani kongozungulira osapuma, sindiwaika n'komwe pa ndandanda, chifukwa amakoka ma amp 4 kapena 5 usana ndi usiku ndipo batire la 100 Ah (ma amp kuchulukitsa ndi maola, muyeso wa kukula kwa batire) amalimaliza tsiku limodzi.

Tiyerekeze kuti zatuluka motere: filiji 400, mafoni awiri 30, mababu 25, laputopu 60, tochi ndi kamera 20. Zonse pamodzi 535 Wh. Pamenepa ndimawonjezera 20 peresenti ya moto wotayika m'mawaya ndi m'matchaja, zimafika cha m'ma 640 Wh pa tsiku.

Kenako batire. Ndimafuna loti lindisunge masiku awiri dzuwa litabisala, choncho ndikufuna pafupifupi 1,280 Wh zoti ndingathe kugwiritsadi ntchito. Apa ndi pamene zolembedwa pa batire zimanyenga. Batire la mtovu la mtundu wa AGM la 100 Ah lili ndi 1,200 Wh papepala, koma mukamalitsitsa kupitirira theka kawirikawiri limakalamba msanga, ndiye zanu zenizeni ndi 600 Wh, ndipo limalemera makilogalamu pafupifupi 30. Kuti ndiyandikire chiwerengero changa ndiyenera kunyamula awiri, makilogalamu 60. La lithiamu la mtundu wa LiFePO4, la 100 Ah lomwelo, lili ndi 1,280 Wh, mutha kudya 80 mpaka 90 peresenti osaliwononga, ndipo limalemera makilogalamu 11 mpaka 13. Limatchajidwa ndi kutsitsidwa maulendo masauzande pamene la mtovu limatha pa mazana ochepa. Ndimasankha limeneli ngakhale limadula pogula ndiponso limatsala pang'ono kukwanira masiku awiri aja. Vuto lake ndi limodzi loti musaliiwale: silifunika kutchajidwa kuzizira kukatsika pansi pa 0 °C, maselo ake amawonongekeratu. Ngati mukupita kumapiri kozizira, onetsetsani kuti BMS yake, kabolodi kamene kamateteza maselo mkatimo, imadula kutchaja yokha kukazizira chotero. Si onse ali nazo.

Batire loyatsira galimoto musaliyese la msasa. Linapangidwa kuti lipereke moto wambiri masekondi ochepa, ndipo likatsitsidwa kwambiri maulendo angapo limafa. Kuwonjezera apo mudzadzuka m'mawa kutali ndi anthu injini isakulira.

Panelo ya 100 W sipereka 100 W. Chiwerengerocho chimayezedwa maselo ali pa 25 °C, koma padzuwa amatentha kufika 50 kapena 60 °C, ndipo digiri iliyonse yopitirira 25 imachotsako pafupifupi 0.4 peresenti. Mukawonjezerapo fumbi ndi kupendekeka kolakwika, ndimayembekezera 75 peresenti basi. Dzuwa lamphamvu ndimaliwerengera maola 4 pa tsiku, ngakhale kunja kumawala maola 12. Ndiye panelo ya 100 W imandipatsa 300 Wh. Pa 640 Wh zanga, 200 W ikungotsala pang'ono kukwanira, ndipo singabweze ngongole ya tsiku la mitambo. Ndimatenga 300 W.

Ndimakonda mapanelo opinda kusiyana ndi okhomera padenga la galimoto, pa chifukwa chimodzi: galimoto ndi filiji zimafuna mthunzi, panelo imafuna dzuwa. Ndi waya wa mamita 5 mpaka 10 zonse zimatheka. Ndimayang'anitsa panelo kumpoto ndikakhala kummwera kwa equator, kummwera ndikakhala kumpoto kwake, ndipo ndimaitembenuza katatu pa tsiku kutsata dzuwa. Mthunzi ndi mdani wamkulu kuposa mitambo. Maselo a mu panelo ndi olumikizana mondondozana, choncho nthambi imodzi kapena chingwe cha tenti chikaphimba selo limodzi, mzere wonse umafooka ndipo moto utha kutsika ndi gawo limodzi mwa atatu kapena kuposa.

Pakati pa panelo ndi batire pamakhala kontirola, kachipangizo kolamulira moto wolowa m'batire. Ya PWM ndi yotchipa, koma imakokera panelo ya 18 V pansi kuti ifanane ndi batire la 13 kapena 14 V, ndipo kusiyanako kumangotayika. Ya MPPT imasandutsa mavoti otsalawo kukhala ma amp, phindu lake limakhala 15 mpaka 30 peresenti. Kukula kwake ndimagawa mawati ndi mavoti a batire: 300 W kugawa ndi 13.5 V ndi 22 A, ndiye ndimagula ya 30 A. Ndimawerenganso Voc kuseri kwa panelo, kutanthauza mavoti amene imatulutsa popanda cholumikizidwa. Mapanelo awiri olumikizidwa mondondozana amaphatikiza mavoti, ndipo m'mawa kukazizira Voc imakwera, choncho pamafunika mpata pansi pa malire a kontirola. Polumikiza ndimayamba batire, panelo pambuyo. Pochotsa ndimayamba panelo. Mukasemphanitsa, kontirola ina imalephera kuzindikira ngati batire ndi la 12 kapena 24 V, ina imapsa kumene. Pomaliza ndimaiuza mtundu wa batire, chifukwa pulogalamu ya batire la mtovu lamadzi ili ndi gawo lokweza mavoti kupitirira 15 V, limene lithiamu silifuna.

Ngati ndikusuntha msasa masiku awiri kapena atatu alionse, galimoto yomwe imakhala gwero lachiwiri. Ndimaika tchaja ya DC-DC, yotchaja batire lina ndi moto wa lina, pakati pa batire loyatsira ndi la msasa. Ya 30 A imabweza pafupifupi 400 Wh pa ola limodzi loyenda, kuposa panelo ya 100 W tsiku lonse. Kulumikiza lithiamu mwachindunji ku alternator, chipangizo chopanga magetsi pa injini, n'koopsa, chifukwa batire lopanda moto limakoka ma amp ochuluka ndipo alternator imatentha, makamaka injini ikamalira galimoto itaima. Magalimoto ambiri atsopano amatsitsanso okha mavoti a alternator posunga mafuta, ndiye popanda DC-DC batire lachiwiri silidzaza. Tchaja yabwino imasiya kukoka injini ikazima.

Jenereta ndimaisiya pokhapokha ndikudziwa kuti kudzachita mvula sabata yathunthu. Ikafunika, yaing'ono ya mtundu wa inveta ya 1,000 W imakwanira kuyendetsa tchaja ya batire maola awiri kapena atatu. Iyenera kukhala panja, mamita osachepera 6 kuchokera pa tenti, utsi ukupita kwina. Mpweya wa carbon monoxide sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Mawaya ndi pamene ntchito yabwino imawonongekera. Pa 12 V kutaya theka la voti ndi nkhani yaikulu. Waya wa kopa wa 2.5 mm² wotalika mamita 5, kutanthauza mamita 10 kupita ndi kubwera, ukanyamula 10 A umataya 0.7 V. Wa 6 mm² pa mtunda womwewo umataya 0.3 V. Zotsatira zake zimaonekera pa filiji: kompuresa ikamayamba imakoka kwambiri kwa kanthawi, mavoti amagwa, filiji imaganiza kuti batire latha n'kudzizimitsa, pamene batire lili lodzaza. Munthu amadandaula filiji kapena batire, wolakwa ali waya woonda. Soketi yozungulira ya m'galimoto ija imakhweferanso pamsewu wa mabampu ndipo imatentha, choncho pa filiji ndi pa panelo ndimaika mapulagi a Anderson.

Waya aliyense wochoka pa positivu ya batire amalandira fyuzi pafupi ndi batire penipeni, mkati mwa masentimita 18. Fyuzi imateteza waya kuti asapse, ndiye kukula kwake kumatsata waya. Batire la 100 Ah likachita shoti limatulutsa ma amp mazanamazana, okwanira kusungunula waya n'kuyatsa galimoto. Sipanala yogwera pa mitu iwiri ya batire imachita chimodzimodzi, n'chifukwa chake ndimalisunga m'bokosi lotseka, lomangidwa ndi malamba.

Inveta, chipangizo chosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa pakhoma, ndimaipewa mmene ndingathere. Imataya 10 mpaka 15 peresenti posandutsa moto, ndipo ikangokhala yoyaka popanda cholumikizidwa imadya mwina 10 W, amene pa maola 24 ndi 240 Wh, kuposa theka la filiji. Mafoni ndi laputopu ndimatchajira pa 12 V kudzera pa USB-C. Ikafunikadi, ndimagula ya pure sine wave, yotulutsa moto wosalala ngati wa pakhoma, ndi kuizimitsa ndikangomaliza. Ketulo ya 2,000 W imakoka ma amp oposa 170 pa batire la 12 V, pamene mabatire ambiri a lithiamu a 100 Ah amadula pa 100 A. Chilichonse chotenthetsa ndimachisiyira gasi.

Amene sakufuna za mawayazi atha kugula bokosi limodzi lokhala ndi batire, kontirola ndi inveta mkati, lotchedwa power station. Masamu ake ndi omwewa. Poligula ndimayang'ana ma Wh, chifukwa mawati olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ndi a inveta chabe. Ndimayang'ananso mavoti ndi mawati a sola amene limalola, komanso ngati potulukira 12 V pamazima pokha pakaona kuti palibe chikukoka. Ena amachita zimenezi filiji ikapumula usiku, ndiye mbali imeneyo ya kusunga moto iyenera kuzimitsidwa.

Kudziwa moto wotsala kumafuna shunt, kachipangizo kowerenga ma amp olowa ndi otuluka pa negativu ya batire. Pa AGM mavoti amathandiza batire likapumula: 12.7 V ndi lodzaza, cha m'ma 12.1 V ndi theka. Lithiamu limakhala pafupi ndi 13.2 V nthawi yaitali kenako n'kugwa mwadzidzidzi, choncho mita ya mavoti yokha ingakunamizeni. Mawaya onse a negativu ayenera kudutsa pa shunt, apo ayi chiwerengero chimasokonekera.

Sabata imodzi ulendo usanafike ndimalumikiza zonse kunyumba monga mmene zidzakhalire kutchire, filiji yodzaza, n'kuzisiya maola 48 popanda magetsi a pakhoma. M'mawa uliwonse ndimalemba ma Ah amene apita usiku, madzulo amene sola yabweza. Ndimagwiranso polumikizira paliponse filiji ikulira, pakatentha ndiye kuti pali pokhwefuka. Usiku womaliza filiji ndimaiziziritsa ndi magetsi a pakhoma, batire ndimalidzaza, ndipo m'kachikwama ndimaikamo mafyuzi apadera a saizi iliyonse, multimeter, tepi, pulagi imodzi ya Anderson ndi mamita awiri a waya wa 6 mm².