Nkhono ya ku Paisley ndi galu wa ku Mufakose

Amene anaphunzira zamalamulo sangaiwale nkhono ya pa mlandu womwe unagamulidwa mu 1932. Mayi Donoghue ankamwa ginger beer ku Paisley, ku Scotland, ndiye pothira zotsala m'tambula akuti munatuluka nkhono yowola. Mlandu wawo ndi wopanga chakumwacho unafika mpaka ku House of Lords, khoti lalikulu la ku Britain nthawi imeneyo, woweruza Lord Atkin n'kumafunsa kuti mnansi wako amene uyenera kumusamala ndani. Ife tili m'kalasi ya zamalamulo pa yunivesite ya Zimbabwe ku Mount Pleasant, mu Harare, mnyamata wina wa ku Dzivarasekwa, mdzukulu wa anthu a ku Dedza ngati ine, anakweza dzanja n'kufunsa kuti nkhonoyo anaiona ndani. Tonse tinafa nako kuseka. Komatu sanalakwe: khoti silinatsimikize n'komwe kuti nkhonoyo inalimodi. Mpaka lero tikakumana timamutchula kuti Nkhono, ngakhale pamaso pa makasitomala ake.

Kuno ku Zimbabwe timatsata malamulo a Roman-Dutch, kotero tinkachezera usiku ndi Grotius ndi Voet, Adatchi amene anamwalira kalekale, pomwe msuweni wanga ku Chancellor College ku Zomba ankangowerenga za Angerezi. Ndinkamuchitira nsanje. Chilatini chokha chinkatiumitsa pakhosi.

Vuto lenileni linali kunyumba. Ukangolembetsa chaka choyamba, kwathu ku Mufakose konse wasanduka kale loya. Loweruka lina galu wa aneba analuma mwana wa achemwali pa ntchafu, anthu n'kusonkhana pakhonde kudikira ine. Ndinakonza kukhosi n'kufotokoza za actio de pauperie, kuti mwini chiweto amalipira ngakhale iye sanalakwe kanthu. Agogo aakazi anandiyang'ana uku akusenda mbatata.

"Mwanawe, ndalama zonse zija za fizi ndiye zimenezi? Kwathu amfumu ankagamula zomwezo, ndipo Chilatini sankachidziwa."

Aneba analipira nkhuku ndi ndalama ya kuchipatala. Ine sanandipatse kanthu.

Koma panali funso limodzi lomwe silinkaseketsa. Bambo anabadwira mu Harare momwe muno, komabe chitupa chawo chinali cholembedwa kuti "alien", kutanthauza mlendo. Nthawi ya tchuthi iliyonse ankachitulutsa m'chikwama n'kuchiika patebulo: "Nanga apa mabuku ako akuti bwanji?" Yankho linadzabwera ndi malamulo oyendetsera dziko a 2013, ndime 43, yomwe imati wobadwira kuno malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali la dziko la mu SADC, ndi nzika, bola anali kukhala muno pa tsiku limene malamulowo anatuluka. Ndinawawerengera ndimeyo kawiri. Anandilanda kabukuko, n'kuvala magalasi kuti adzionere okha.