Zinkhupule zathu za ku Mangochi

Bizinesi yathu ndi ya zinkhupule, eya zomwe zija zosambira. Ine ndi mayi akunyumba timakhala chakufupi ndi Monkey Bay, poyamba tinkangothyola zomera zokha pa mpanda wa bafa nkumakagulitsa kumsika, koma maloji a ku Cape Maclear atayamba kufunsa zambiri komanso zoyera bwino tinaona kuti apa mpofunika kulima ndithu osati zongotola.

Chomwe chinatitsegula mmaso ndi kudziwa mtundu wa mbewuyi. Alangizi anatiuza kuti asayansi amaitchula Luffa aegyptiaca, ena amalemba Luffa cylindrica, ndipo ili mbanja la Cucurbitaceae limodzi ndi maungu, nkhaka, mavwende ndi mphonda. Ukangodziwa zimenezo zinazo sizivutanso kumva. Chomera chimodzi chimatulutsa maluwa aamuna ndi aakazi, onse achikasu, koma lalikazi ukaliyang'anitsitsa lili ndi kachinkhupule kakang'ono kumunsi kwake, ndipo njuchi zikapanda kufikapo kameneko kamangofota nkugwa basi. Nde ife mankhwala sitipopera mmawa maluwa ali chitsegukire, ngakhale ntchentche zoboola maungu zija zivute bwanji, bola kuthothola zoboolekazo nkukwirira.

Kusiyana kwake nkwakuti dzungu limayanga pansi osadandaula, chinkhupule chimafuna kukwera. Timazika nsungwi nkukoka waya, timingwe take timagwira tokha nkumadzikulunga, chipatso chikalendewera chimakula chowongoka koma chogona pansi chimapindika nkuchita mawanga akuda, kasitomala sachigwira nkomwe. Kutentha kwa kunoku chimakukonda kwambiri, madzi okha asasowe.

Pokolola ndi pamene pamafunika mtima wodekha. Timadikira khungu lifiire, chipepuke, ukachigwedeza uzimva njere zakuda zija zikuchita phokoso mkatimo. Kenako kusenda, kukhutula njere, kuviika, kutsuka mpaka kuterera konse kuthe, nkuyanika pathandala ngati usipa. Ukafulumira kulongedza chisanaumitsitse chimachita nkhungu, ntchito yonse yapita pachabe.

Pali mtundu winanso wamizere, Luffa acutangula, ku India ndi ku China amadya ngati ndiwo chikadali chanthete, makasitomala ena amadabwa tikawauza.

Pano mayi amadula zidutswa nkusokerera kansalu kachitenje mmbali kuti munthu azikoleka mubafa, zimenezo nzomwe zikuyenda kwambiri. Njere timagawirako aneba, akalima timawagula ife tomwe, chifukwa maoda akachuluka munda wathu wokha sukwanitsa.