CCNA yatheka, koma mundimvere kaye pa nkhani ya mayeso oyambira

Dzulo ndakhoza CCNA, satifiketi ya netiweki ya kampani ya Cisco, abale anga, usiku wapitawu ndi woyamba kugona tulo teniteni patatha miyezi. Poti ambiri mumandifunsa kuti kodi ndiyambe ndi mayeso ati, ndati ndilembe mmene ndinayendera ineyo ndi pomwe ndinataya ndalama, mtima ukadali wotentha.

Ndinayamba ndi CompTIA A+, satifiketi yoyambira ya zokonza makompyuta ya bungwe la CompTIA, mu 2023. Apa palibe zambiri, mungodziwa kuti ndi mayeso awiri, Core 1 ndi Core 2, ndipo onse akhale a mtundu umodzi, simungalembe Core 1 yakale nkudzamalizira ndi Core 2 yatsopano, ndiye musasiye mpata waukulu pakati. Inandithandiza kupeza ntchito ya help desk. Koma ngati mukukonza kale makompyuta tsiku ndi tsiku pantchito, ine ndimati idumpheni, ndalamazo musungire zakutsogolo.

Pomwe ndinalakwitsa mpapa. Aliyense amati ndalama zili ku cybersecurity, ineyo osaganiza kawiri ndinathamangira Security+, ya CompTIA ya zachitetezo cha makompyuta, ndisanaphunzire netiweki. Pamafunika 750 pa 900, ine sindinayandikire nkomwe. Koyambirira amakupatsa mafunso ochita kupanga ndi manja, chithunzi cha netiweki icho, konza malamulo a firewall, tseka ichi tsegula icho, ine ndili apo sindikusiyanitsa port 22 ndi 443, subnet ndiye musanene. Ndinali nditaloweza matanthauzo onse a malware koma nyumba ungailondere bwanji usakudziwa pomwe pali zitseko? Kuthamanga sikufika zoona. Ndinabwerera m'mbuyo kukayamba Network+, ya CompTIA ya maziko a netiweki, ndipo mmene ndimamaliza nkuti SY0-601, mtundu wa Security+ womwe ndinawerengera, itapuma kale mu July 2024, kwabwera SY0-701, buku langa lija lasanduka lakale, kugulanso lina. Ndiye musanagule buku kapena kosi iliyonse onani nambala ya mayeso ndi tsiku lomwe akuwathetsa. Kachiwiri Security+ inali yofewa mosayembekezera chifukwa theka la zinthu ndinali nditazimva kale ku Network+.

China chomwe palibe anandiuza, masatifiketi a CompTIA atatuwa amatha pakadutsa zaka 3, koma ukakhoza yapamwamba imatsitsimutsa zapansi. Network+ imawonjezera masiku a A+, Security+ imawonjezera a zonse ziwiri. Ukayenda chobwerera sizitheka, yapansi siyingakweze yapamwamba. Kungotsatira mzere wake basi mwapulumutsa ndalama.

Tsopano tsiku lomwe limandiwawa mpaka pano. CCNA imafuna akaunti ina yapadera, si ija ya CompTIA. Ine ndinatsegula usiku nditatopa, ndinalemba dzina langa lachidule lomwe aliyense amanditchula, pomwe pa chiphaso pali dzina lathunthu. Ndinalipira, ndinasankha tsiku, ndinapempha tchuthi kuntchito, masabata awiri omaliza ndinkagona maola anayi. Kutatsala masiku atatu ndinayimba foni kumalo olembera mayesowo kufunsa zoti ndibweretse, ati mungobweretsa ziphaso ziwiri basi. Za dzina osatchula ngakhale pang'ono.

Tsikulo ndinalawirira, anandikhazika pabenchi nthawi yaitali ati makompyuta akuyatsidwa, palibe anandipempha chiphaso nthawi yonseyo. Itakwana nthawi mayi wa pa desiki anayang'ana chiphaso, nkuyang'ana pa kompyuta, nkuyang'ananso chiphaso, ati pepani bambo maina sakufanana simulowa. Ndinati mayi chonde, nkhope ndi yomweyi, dzina la bambo anga ndi lomweli, tsiku lobadwa ndi lomweli, zasiyana ndi zilembo zitatu zokha. Ati lamulo ndi lamulo. Ndinangoti kukamwa yasa. Lamulolo sindikulitsutsa ayi, pali anthu olembera anzawo mayeso ndiye akuyenera kukhwimitsa, chomwe chimandipsetsa mtima nchakuti pa foni paja akanangonena mawu amodzi kuti onani ngati dzina likufanana, masiku atatu anali okwanira kuyamba kukonza kapena kusuntha tsiku. Ndinawerengedwa ngati sindinabwere, ndalama yonse inapita, tchuthi chinapita, ndinabwerera kunyumba mutu uli wodzaza nkhani za netiweki monga OSPF ndi VLAN popanda pozitsanulira. Sabata yonse sindinatsegule buku.

Ndiye chonde, lero lomwe, tsegulani akaunti yanu muyike chiphaso pambali muwerenge dzina chilembo ndi chilembo.

Ndaiwala kunena za Network+ ndi CCNA, anthu amafunsa ngati alembe zonse. Zimafanana malo ambiri koma CCNA imalowa mozama, mayeso ake 200-301 ndi a maola awiri ndipo amafuna udziwe kulemba ma command pa switch ndi router, osati kungodziwa kuti router ndi chani. Safuna satifiketi ina iliyonse kuti ulembe. Ndikanati ndiyambirenso, poti ndimafuna ntchito ya netiweki, ndikanachoka pa A+ kupita ku CCNA kenako Security+, Network+ ndikanaisiya. Koma ngati mukulowera ku security kapena ku cloud ndipo mukungofuna maziko, Network+ ikukwanirani. Muyambe mwawerenga zotsatsa ntchito khumi za ntchito yomwe mukuifuna, muone satifiketi yomwe ikutchulidwa mobwerezabwereza, mzere wanu uchokere pamenepo osati pa zomwe akuyamikira anzanu. Ndipo Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera kumanga netiweki pa kompyuta, ndi yaulere kudzera ku Cisco Networking Academy, ineyo ndimamanga ka netiweki kamodzi madzulo aliwonse, kukaphwasula nkukamanganso, subnetting ndimapanga papepala mpaka dzanja linazolowera. Ndi zomwe zinandikhozetsa, osati mavidiyo.

Kwa omwe mukulota CISSP, satifiketi yapamwamba ya security ya bungwe la ISC2, dikirani kaye. Imafuna zaka 5 zogwira ntchito m'magawo osachepera awiri mwa 8 ake, ukakhoza usanakwanitse umangokhala Associate wa ISC2 mpaka zakazo zikwane. Si yoyambira.

Panopa ndikuyang'ana ku cloud koma ndipuma kaye mwezi. Ndaona kuti za Microsoft zokhudza ntchito monga AZ-104 zimafuna kutsitsimutsa chaka chilichonse ngakhale kutsitsimutsako ndi kwaulere pa intaneti, AZ-900 yoyambira siyitha, pomwe za AWS, cloud ya Amazon, zimakhala zaka 3 ndipo ukakhoza imodzi amakuchotsera theka pa mayeso otsatira, ndiye ndikuganiza zoyamba Cloud Practitioner kuti Solutions Architect Associate idzanditsikire mtengo. Masiku othera masatifiketi onse ndawalemba pa kalendala ya foni, CCNA nayonso ndi zaka 3.

Kumeneko kudzafunikanso akaunti yatsopano, ndidzatsegula masana chiphaso chili m'manja. Dzulo mmene ndimapereka ziphaso pa desiki manja amanjenjemera kuposa mmene ndimayankha mafunso, ngakhale dzinalo ndinali nditaliwerenga kasanu ndisanachoke kunyumba.