Galasi mu konkire: ufa umalimbitsa, tizidutswa timang'ambula

Mabotolo a vinyo, a mowa waukali ndiponso magalasi osweka a mawindo sabwezedwa kukampani, amangothera kudzala. Woumba mabuloko akawaona ali mulu, maganizo amabwera akuti angowaphwanya n'kuthira mu konkire m'malo mwa mchenga. Galasi limagwiradi ntchito mu konkire, koma zonse zagona pa kukula kwa tizidutswa take. Botolo lomwelo likhoza kulimbitsa konkire kapena kumuwononga.

Galasi la mabotolo lili ndi silika, chinthu chomwe chimapanganso mchenga, woposa pang'ono magawo 70 pa 100 alionse, ndipo kwinako ndi soda ndi laimu. Simenti akasakanizidwa ndi madzi amakhala wa alikali wambiri, mphamvu ija yomwe imawaula khungu, ndipo alikaliyo amadya silika wa m'galasi. Ngati galasi lili tizidutswa ta milimita imodzi kapena kuposa, pamatuluka phala lomwe limayamwa chinyezi n'kumafufuma m'kati mwa konkire wouma kale. Akatswiri amati alkali-silica reaction, vuto lomwe injiniya Thomas Stanton analifotokoza ku California, m'dziko la America, mu 1940. Kuipa kwake n'kwakuti siliwonekera msanga. Buloko limatuluka lokongola, limagulitsidwa, khoma limamangidwa, kenaka patapita miyezi kapena zaka pamabwera ming'alu yopingasa paliponse, makamaka pamalo onyowa. Pamenepo palibenso chokonza.

Galasi lomwelo likaperedwa mpaka kudutsa sefa ya 0.075 mm, nkhani imatembenuka. Ufa wosalala chotere umasungunuka msanga n'kugwirizana ndi laimu amene simenti amatulutsa akamauma, ndipo pamapangika guluu yemweyo amene amagwira mchenga ndi miyala. Timipata ta m'kati timatsekeka, madzi ndi mchere sizilowa mosavuta. Muyezo wa ku America wa ASTM C1866, womwe unatuluka mu 2020, umafuna ufa wosalala kuposa apa, pafupifupi wonse uzidutsa sefa ya 0.045 mm. Ku Montreal, m'dziko la Canada, milatho ya Darwin inamangidwa ndi konkire amene magawo 10 pa 100 a simenti wake analowedwa m'malo ndi ufa wa galasi, potsatira kafukufuku wa pa yunivesite ya Sherbrooke.

Apa ndi pamene ntchito imavutira. Hamala, mtondo wachitsulo kapena makina ophwanya a mtundu wa chigayo amatulutsa misere, pomwe chofunika ndi ufa woyera, ndipo miserezo ndiye kukula koopsa kuja. Chopera bwino ndi ball mill, mgolo wachitsulo wozungulira wokhala ndi mipira yachitsulo m'kati, ndipo umayenda maola angapo. Mukatha kupera, sefani ndi sefa ya 0.075 mm ija. Chotsala pamwamba pa sefa chibwerere mumgolo, chisalowe mu konkire ngakhale chikhale chochepa. Ufa wabwino ukautikita pa zala umamveka ngati simenti, sukhala ndi mchenga. Chigayo cha chimanga musachiyandikize n'komwe ku ntchito imeneyi. Popera ndi posefa valani chotchinga mphuno chenicheni cha fumbi, magalasi oteteza maso ndi magolovesi.

Musanapere, sankhani ndi kutsuka. Shuga wotsalira m'botolo amachedwetsa simenti kugwira, ndipo wochepa chabe ndi wokwanira kusokoneza. Zitsekerero ndi timikombero ta aluminiyamu zichotsedwe zonse, chifukwa aluminiyamu akakumana ndi simenti wonyowa amatulutsa mpweya wa haidrojeni ndipo konkire amadzaza timabowo. Mapepala a pa botolo amafewa mukaviika usiku umodzi. Magalasi ena asalowe konse: a ma TV akale a chitumbo ali ndi mtovu, mababu aatali a magetsi ali ndi mekyule, galasi lakutsogolo la galimoto lili ndi pulasitiki pakati, ndipo mbale za galasi zopirira moto zimapangidwa mosiyana ndi mabotolo.

Mlingo woyambira ndi magawo 10 pa 100 a simenti, poyeza kulemera. Pa thumba la 50 kg, ndiye kuti simenti 45 kg ndi ufa wa galasi 5 kg, kapena matumba 9 a simenti pa 50 kg ya ufa. Yezani pa sikelo, osati ndi ndowa, poti galasi ndi lopepuka kuposa simenti ndipo ndowa imanamiza. Mpaka magawo 20 zimatheka, koma kupitirira apo laimu wogwirizana ndi galasi amayamba kuperewera, ufa wina umangokhala chodzazira. Simenti wa 42.5, nambala ya mphamvu yolembedwa pa thumba, ndiye woyenera. Wa 32.5 nthawi zambiri amakhala atasakanizidwa kale ndi zinthu zina kufakitale, choncho kumuchepetsanso n'kumufooketsa kawiri.

Sakanizani ufa ndi simenti zili zouma mpaka mtundu ufanane, kenaka mchenga ndi kwale monga mwa masiku onse. Madzi asapitirire malita 25 pa 50 kg ya simenti ndi galasi pamodzi, ndipo ngati mchenga uli wonyowa chepetsani. Galasi silimwa madzi, ndiye mmisiri wozolowera kuthira mwa diso amapezeka wapanga phala lamadzimadzi, madzi n'kuyandama pamwamba, pamwambapo n'kumadzafumbutuka.

Konkire wa galasi amachedwa kukhwima. Pa masiku 7 amakhala wofookerapo poyerekeza ndi wamba, pa masiku 28 amayandikira, ndipo amapitirizabe kulimba mpaka masiku 90. Izi zimachitika pokhapokha ngati pali chinyezi, choncho kuthirira kwa sabata imodzi n'kochepa. Phimbani ndi masaka onyowa kapena pulasitiki kwa masabata awiri, ndipo mabuloko asachoke pabwalo asanakwane masiku 28. M'nyengo yozizira ya June ndi July kuchedwako kumakula.

Poyambira pabwino ndi mabuloko, njerwa zoyala pabwalo ndi m'mphepete mwa ngalande. Mizati, mabimu ndi silabu ya nyumba yosanja zisalandire ufa woperedwa pakhomo popanda injiniya. Ngakhale pa mabuloko, umbani makyubu a 150 mm, ena a konkire wamba, ena a galasi, kuchokera ku mchenga ndi kwale zofanana, ndipo akaphwanyidwe ku labu pa masiku 7 ndi 28 kuti muyerekeze kulimba kwake. Mukasintha kumene mukutenga mabotolo kapena nthawi yopera, yesaninso.